Chotupa cha pansi pa ubongo: kulowera m'mphuno, pansidze, pa litsipa kapena kuseri kwa khutu

Alamu anga a ku Santhe, m'boma la Kasungu, anayamba ndi kugunda mafelemu a zitseko. Akamalowa m'nyumba phewa linkawomba pakhomo, ndipo pamsewu njinga za kabaza zinkawadzidzimutsa chifukwa ankaziona zitafika kale pamaso pawo, pamene anzawo anali ataziona kalekale zikubwera cham'mbali. Za kutsogolo ankaona bwinobwino, moti ulusi ankalowetsa okha pa singano, n'chifukwa chake kwa miyezi yambiri panalibe amene anaganiza kuti vutoli lili mkati mwa mutu. Atawayeza maso n'kupeza kuti mbali ya kunja ya diso lililonse yazima, anawatumiza ku Lilongwe, kumene chithunzi cha MRI, makina ojambula za mkati mwa thupi, chinaonetsa chotupa chitakhala pansi pa ubongo, kuseri kwenikweni kwa mphuno. Dokotala atanena kuti chotupa chotere amachichotsa kudzera m'mphuno, kumudzi kunabuka mkangano. Atsibweni awo, omwe ndi eni mbumba, ankati za m'mutu sizingakonzedwere pamphuno, pamene ena ankati poti mutu sang'amba ndiye kuti ndi kaopaleshoni kakang'ono konga kuzula dzino. Mbali zonse ziwiri zinaphonya, ndipo pofuna kuwayankha ndinakakamizika kuphunzira zimene ndikulemba panozi.

Pansi pa chibade si posalala ngati pansi pa mbale. Ndi malo a zitunda ndi maenje, ogawika patatu motsetsereka ngati masitepe. Sitepe ya kutsogolo ndiyo denga la maso ndi mphuno, ya pakati ili kuseri kwa maso mpaka pamwamba pa makutu, ndipo ya kumbuyo, yomwe ndi yakuya kuposa zinzake, ili kunkhongo, pamene pali bowo lalikulu lomwe ubongo umalumikizanirapo ndi mtsempha wa mumsana. Mafupa amenewa ali ndi timabowo tambiri, ndipo m'timabowomo mumadutsa mitsempha ya uthenga 12 mbali iliyonse ya mutu, yomwe imatithandiza kununkhiza, kuona, kutembenuza maso, kumva kukhudza kumaso, kumwetulira, kumva mawu, kumeza ndi kuyendetsa lilime. Momwemonso mumadutsa mitsempha inayi ikuluikulu yopititsa magazi ku ubongo, iwiri ya kutsogolo yotchedwa carotid ndi iwiri ya kumbuyo yotchedwa vertebral. Zotupa zambiri zomera pamalo amenewa si khansa. Adenoma yomera pa kachiwalo kotulutsa mahomoni kotchedwa pituitary, meningioma yomera pa nembanemba yokuta ubongo, ndi schwannoma ya pa mtsempha wa khutu zimakula pang'onopang'ono kwa zaka ndipo sizimwazikira m'thupi. Zimapweteka munthu chifukwa chopanikiza zimene zayandikana nazo, choncho chimene chimamuzunguza mutu dokotala nthawi zambiri si chotupacho ayi, koma podzera kuti akachipeze.

Aliyense amene anayesapo kuchotsa chisa cha makoswe pansi pa nkhokwe yodzaza akudziwa kuti njira zilipo ziwiri. Mutha kuchotsa denga n'kuyamba kusuntha chimanga mpaka mutafika pansi, kapena mutha kukwawira kunsi kwa nkhokweyo n'kuboola. Njira yoyamba imakupatsani malo ogwirira ntchito koma chimanga mumachisokoneza, pamene yachiwiri siikhudza chimanga koma imasiya bowo lomwe mukapanda kulitseka bwino, za mkati zimatayika ndipo tizilombo timapeza polowera. Kutsegula chibade ndiko njira yoyamba ija, ndipo kulowera m'mphuno ndiko yachiwiri. Pamwamba pa zimenezi pali lamulo limodzi lomwe madokotala a ubongo saliphwanya wamba, loti asankhe njira imene siwachititsa kulumpha mtsempha wofunika kuti afike pa chotupa. Chotupa chikakankhira mitsempha m'mwamba ndi m'mbali, khomo lake lili kunsi, koma chikamera kunja kwa mitsemphayo n'kuikankhira mkati, khomo lili m'mbali kapena pamwamba.

Kulowera m'mphuno

Pituitary ndi kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo, kokhala m'kadzenje ka fupa pakatikati pa chibade, ndipo kamatulutsa mahomoni olamulira kukula kwa thupi, msambo, mkaka wa m'mawere, chithokomiro ndi mphamvu zimene thupi limafuna likamalimbana ndi matenda. Pamwamba pake penipeni pamapingasana mitsempha iwiri ya maso, n'chifukwa chake chotupa chikapitirira sentimita imodzi n'kukwera m'mwamba chimayamba kuzimitsa m'mbali mwa maso monga zinachitikira alamu anga. Kunsi kwake kuli kamphanga ka mpweya kotchedwa sphenoid, komwe kamalumikizana ndi kumapeto kwa mphuno. Dokotala amalowetsa m'mphuno endoscope, kachitsulo kowonda mamilimita 4 komwe kamaunika ndi kutumiza zithunzi pa sikirini, kenako amatsegula kamphangako, n'kuboola fupa lopyapyala, ndipo amapezeka wafika pa chotupa ubongo asanaukhudze n'komwe. Kawirikawiri amagwira ntchito awiri, dokotala wa mphuno ndi makutu atagwira kamera, wa ubongo akuchotsa chotupa ndi manja onse awiri.

Njirayi si yatsopano monga ambiri amaganizira. Hermann Schloffer anachita opaleshoni ya pituitary kudzera m'mphuno ku Innsbruck mu 1907, Harvey Cushing wa ku America anaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri polowera kunsi kwa mlomo wa m'mwamba asanaisiye n'kubwerera kotsegula chibade, ndipo inadzatsitsimuka m'zaka za m'ma 1960 pamene Jules Hardy wa ku Montreal anayamba kuichita ndi maikulosikopu. Endoscope inatenga malo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makamaka ku Pittsburgh ndi ku Naples. Maikulosikopu imaona molunjika ngati munthu wosuzumira m'paipi, ngakhale imaonetsa bwino kuya kwa zinthu, pamene endoscope imalowetsa diso mkati momwemo n'kutha kusuzumira m'makona. Pa adenoma wamba zonse ziwiri zimagwira ntchito, ndipo banja lisade nkhawa ngati dokotala wawo anazolowera maikulosikopu.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Siisiya chipsera kumaso, ubongo sukankhidwa, ndipo mitsempha ya maso imamasulidwa kuchokera kunsi popanda kuigwiragwira, zomwe zimachititsa kuti odwala ambiri ayambe kuona bwino pakangopita masiku. Imayenera zotupa za pakatikati, monga adenoma pafupifupi zonse, craniopharyngioma zambiri (mtundu wina wa zotupa zomera pafupi ndi pituitary), ndiponso chordoma yomera pa fupa lotsetsereka lotchedwa clivus, kuseri kwa kummero. Malire ake ndi mitsempha iwiri ya carotid ija, yomwe imaima uku ndi uku kwa kanjirako ngati mafelemu a chitseko chopapatiza. Chotupa chimene chatambasukira kutali kunja kwa mafelemuwo sichifikirika bwino, ndipo carotid ikang'ambika, zomwe sizichitika kawirikawiri, kuletsa magazi kudzera m'kanjira kopanikiza kotero ndi ntchito yoopsa yomwe imatha kusiya sitiroko kapena imfa. Apa ndi pamene anaphonya aja ankati ndi kuzula dzino.

Bowo la kunsi kwa nkhokwe lija ndilo vuto lalikulu la njirayi. Ubongo umayandama m'madzi oyera mbee, okwana mamililita pafupifupi 150 nthawi iliyonse, ndipo thupi limapanga pafupifupi theka la lita la madzi amenewa tsiku lililonse. Nembanemba yosunga madziwa ikabooka, amayamba kudontha m'mphuno, ndipo njira yomwe madzi akutulukira ndi yomweyo imene tizilombo ta m'mphuno timakwerera kukayambitsa matenda oumitsa khosi. Potseka bowolo madokotala amatenga mafuta a pamimba kapena kachikopa kolimba ka mkati mwa ntchafu. Mu 2006 madokotala Hadad ndi Bassagasteguy a ku Rosario m'dziko la Argentina anafalitsa njira yosenda nembanemba ya khoma logawa mphuno, n'kuisiya italumikizidwabe ku mtsempha wake wa magazi, kenako n'kuipindira pabowo ngati chigamba chamoyo. Pa maopaleshoni aakulu, kudontha kunatsika kuchoka pa odwala oposa 20 mwa 100 alionse kufika pa asanu kapena kucheperapo. Ndimakumbukira kuti m'mawa uliwonse namwino ankawakhazika alamu anga pamphepete pa bedi n'kuwauza kuti, "Amayi, weramani pang'ono, musamine," atagwira kansalu koyera kunsi kwa mphuno, ndipo tonse tinkayang'ana kansaluko kuti tione ngati pagwe dontho loyera ngati la pampopi. Ankawafunsanso ngati akumva kukoma kwa mchere kummero.

Malangizo a pambuyo pa opaleshoniyi ndi olemera kuno kwathu kuposa momwe amamvekera m'chipinda cha dokotala. Kwa milungu ingapo wodwala saloledwa kumina, akafuna kuyetsemula azitsegula pakamwa, asamawerame nthawi yaitali, asamanyamule zolemera ndipo asamadzikakamize kuchimbudzi. Kwa mayi wa ku Chamama kapena kwa Chulu, zimenezi zikutanthauza kuti khasu, ndowa ya pamutu, mtolo wa nkhuni ndi kusinja zonse ziime, ndipo pakhale munthu wina wogwira ntchitozo. Fodya wofwenkha, utsi wa m'khitchini ndi fumbi la m'misewu zimachedwetsa kupola kwa mphuno, yomwe imachita nkhanambo kwa milungu kapena miyezi ndipo imafuna kutsukidwa ndi madzi a mchere owiritsa n'kuzizira. Ngati chotupa sichikuthamangitsa, nkoyenera kukambirana ndi dokotala za nyengo, chifukwa wodwala wotuluka m'chipatala nthawi yopalira amabwerera kumunda msanga ngakhale mutamuletsa bwanji.

Palinso nkhani ya madzi ndi mchere wa m'magazi, yomwe mabanja ambiri saidziwa. Pituitary ikagwedezeka, masiku oyambirira wodwala amatha kukhala ndi ludzu losatha n'kumakodza malita ambiri a mkodzo woyera ngati madzi, ndipo vutoli limathetsedwa ndi mankhwala a desmopressin, ngakhale kwa ambiri limatha lokha. Choopsa chobisika chimabwera pakati pa tsiku lachisanu ndi lachikhumi, pamene thupi limatembenuka n'kuyamba kusunga madzi, mchere wa sodium n'kutsika, munthu n'kumamva mutu, nseru ndi kusanza, mwinanso kusokonezeka kapena kukomoka. Nthawi imeneyi odwala ambiri amakhala atatulutsidwa kale. Kuchokera pa boma la Kasungu kufika ku Lilongwe pa msewu wa M1 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, osawerengera njira ya fumbi yochokera kumudzi, ndipo sodium sayezedwa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Maganizo anga ndi oti amene ali ndi wachibale mumzinda akhale komweko milungu iwiri asanakwere minibasi yobwerera. Odwala ena amatsala akumwa hydrocortisone chifukwa thupi lasiya kupanga lokha homoni ya cortisol. Mankhwala amenewa sayenera kutha m'nyumba ngakhale tsiku limodzi, malungo akabwera mlingo wake umakwezedwa motsatira malangizo a dokotala, ndipo wodwala akamasanza n'kulephera kumeza mapilitsi amafunika jakisoni tsiku lomwelo.

Kutsegula chibade cham'mbali ndi kutsogolo

Njira imene dokotala wa ubongo aliyense anaiphunzira ndi ya pa litsipa, pakati pa diso ndi khutu, yotchedwa pterional, yomwe Gazi Yaşargil anaikonza bwino ku Zurich m'zaka za m'ma 1970. Amacheka m'tsitsi kuyambira kutsogolo kwa khutu kukhotera chakumphumi, amasuntha mnofu wotafunira, amachotsa chidutswa cha fupa chachikulu ngati chikhatho cha mwana, kenako amapala chitunda cha fupa kuseri kwa diso kuti njira isalale. Akatulutsako madzi aja ubongo umafwamphuka, ndipo amadutsa mu mng'alu wachilengedwe wa pakati pa zigawo ziwiri za ubongo popanda kudula ubongowo. Phindu lake ndi malo. Dokotala amaona carotid ndi mtsempha wa diso asanayambe kukhudza chotupa, magazi akatuluka amatha kuwaletsa, ndipo pomaliza nembanemba amaisoka ndi ulusi n'kubwezera fupa pamalo pake, moti kudontha kwa madzi sikuvuta monga kumphuno. Zida zake zimapezekanso m'malo ambiri ochitira opaleshoni ya ubongo. Mtengo wake ndi woti ubongo umakankhidwabe pang'ono ndipo utha kutupa kapena kuyambitsa khunyu, kutafuna kumawawa kwa milungu, pa litsipa pamatha kulowa mkati, ndipo masiku a m'chipatala amachuluka. Chotupa chikakhala pamwamba kwambiri kapena mkati mwa sitepe ya pakati, amawonjezera kuchotsa kwakanthawi mkombero wa fupa la diso ndi la tsaya, poti kuchotsa fupa lambiri kuli bwino kuposa kukankha ubongo kwambiri.

Njira ya pansidze, yomwe Axel Perneczky wa ku Mainz anaitchukitsa, ndi mng'ono wake wa imeneyi. Amacheka m'kati mwa nsidze, n'kutsegula kazenera ka fupa ka masentimita awiri kapena atatu, ndipo amayenda pamwamba pa denga la diso mpaka pakati. Bala limabisika m'nsidze ndipo wodwala amachira msanga, koma kazenerako sikalola kusintha maganizo zinthu zikavuta mkati. Mphumi imatha kuchita dzanzi, nsidze imatha kulephera kukwera kwa kanthawi, ndipo ngati kamphanga ka mpweya ka pamphumi n'kakakulu, kamatha kutseguka mwangozi n'kubweretsa vuto lomwe lija la madzi odontha. Imayenera zotupa zazing'ono ndi zapakati.

Pamene madokotala enieniwo amatsutsana ndi pa meningioma ya sitepe ya kutsogolo. Yomera kutsogolo kwa pituitary, pakati pa mitsempha ya maso, ikakhala yaing'ono ndiponso yosakulunga mitsempha ya magazi imachoka bwino kudzera m'mphuno, koma ikatulukira kunja kwa mtsempha wa diso, njira ya pa litsipa kapena ya pansidze ndiyo yotetezeka. Yomera pa denga la mphuno ili ndi nkhani ina. Imakula mwakachetechete mpaka kufika ngati lalanje, munthu n'kusintha khalidwe, kukhala wosasamala ndi woiwalaiwala, moti achibale amayamba kuthamangira kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa. Kuifikira kudzera m'mphuno kumafuna kuchotsa fupa lomwe timitsempha tonunkhizira timadutsamo, choncho kununkhiza kumatheratu, pamene polowera pamwamba nthawi zina mbali imodzi imapulumuka. Ena amakuona kununkhiza ngati chinthu chochepa, koma mayi wosamva fungo sadziwa kuti ndiwo zapserera kapena zasasa, sadzuka usiku utsi ukadzaza m'nyumba, chakudya chimamuzizirira mkamwa, ndipo mlimi wa fodya sazindikira msanga kuti masamba ayamba kuwola m'chigafa. Ngati kununkhiza kukadalipo, kapena chotupa chatambasukira pamwamba pa maso, ine ndingapendekere kotsegula chibade.

Zotupa za kuseri kwa khutu

Schwannoma ya mtsempha wa khutu imayamba ndi khutu limodzi kugontha pang'onopang'ono, ndipo ambiri amazindikira poona kuti foni akuisamutsira khutu linalo. Pamabweranso kulira kwa m'khutu ndi kudzandira mumdima. Chotupachi chimamera m'kangalande ka fupa kotalika pafupifupi sentimita imodzi, momwe mtsempha womvera mawu, mitsempha yothandiza munthu kuima osagwa, ndi mtsempha woyendetsa nkhope zimadutsa mothithikana. Njira zofikira pamenepa ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi chimene imapereka nsembe.

Ya translabyrinthine, yomwe William House wa ku Los Angeles anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, imaboola fupa la kuseri kwa khutu n'kudutsa m'khutu la mkati lenilenilo. Khutu limenelo silidzamvanso mpaka kalekale, ndipo pamenepa palibe za mwina. Chimene dokotala amapindula n'choti amaupeza msanga mtsempha wa nkhope pamalo pamene sunasokonezedwe ndi chotupa, ndipo ubongo wa kunkhongo saukankha kwenikweni. Bowo amalitseka ndi mafuta a pamimba. Ya retrosigmoid imatsegula chibade chakumbuyo pang'ono, kuseri kwa mtsempha waukulu wotulutsa magazi m'mutu, ndipo imalandira chotupa cha msinkhu uliwonse. Imasiya mwayi woti khutu lipulumuke ngati chotupa n'chaching'ono, koma ubongo wa kunkhongo umakankhidwa pang'ono, kumapeto kwa kangalande kaja sikuoneka bwino, ndipo odwala ena amatsala ndi mutu wowawa kwa miyezi. Yachitatu ndi yolowera pamwamba pa khutu, yotchedwa middle fossa, momwe dokotala amatukula pang'ono ubongo wa pa litsipa n'kutsegula kangalandeko kuchokera kudenga. Ndi ya zotupa zazing'ono kwambiri mwa munthu amene akumvabe bwino, ndipo vuto lake n'loti mtsempha wa nkhope umakhala pakati pa dokotala ndi chotupa.

Kwa odwala ochokera m'maboma ngati lathu lino, njira yachitatuyi siitchulidwa kawirikawiri, chifukwa pomwe munthu akufika pa MRI khutu limakhala litagontha kale ndipo chotupa chakula, nthawi zina mpaka kutseka njira ya madzi a mu ubongo moti amayamba amuika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba. Mpikisano weniweni umakhala pakati pa ziwiri zoyambazo, ndipo umagamulidwa ndi anthu amene alipo, poti translabyrinthine imafuna dokotala wa makutu wozolowera kuboola fupa limenelo kwa maola ambiri, pamene retrosigmoid dokotala wa ubongo amaichita yekha. Chimene banja liyenera kufunsitsa ndi nkhope. Mtsempha wa nkhope ukaphwatalala pa chotupa chachikulu umapyapyala ngati pepala lonyowa, ndipo ukaduka kamwa imapindika, malovu amatayika, diso la mbaliyo silitseka. Madokotala amayeza kufooka kumeneku pa sikelo ya House ndi Brackmann, kuyambira 1, nkhope yabwinobwino, mpaka 6, nkhope yakufa mbali imodzi. Diso losatseka m'fumbi ndi m'dzuwa la Okutobala limauma, limachita chilonda ndipo litha kufa, choncho limafuna mankhwala odontheza masana, kulimata usiku, mwinanso kusoka zikope pang'ono. Funsani ngati pali makina olondolera mtsemphawu nthawi ya opaleshoni. Dokotala akanena kuti asiya kachidutswa kopyapyala ka chotupa komatirira pa mtsempha n'kumakayang'anira ndi MRI, musatenge ngati walephera, chifukwa chotupa chotere chimakula pang'onopang'ono pamene nkhope yoduka mtsempha siibwerera mwakale.

Zotupa za pa bowo lalikulu la kunkhongo amazifikira cham'mbali, kutsikira kukhosi, pafupi ndi mtsempha wa vertebral, ndipo choopsa chake ndi mitsempha yomezera, yomwe ikafooka chakudya chimalowera kumapapo. Mnyamata wachisodzera amene mphuno imodzi yatsekeka ndipo akukha kamfuno kobwerezabwereza atha kukhala ndi angiofibroma, chotupa chodzaza magazi chomwe sichiyenera kudulidwako kachidutswa kokayeza m'chipinda wamba.

Pamene mpeni suyenera kutsogola

Chotupa cha pituitary chisanaganiziridwe za opaleshoni, magazi ayezedwe prolactin, homoni yoyambitsa mkaka wa m'mawere. Chotupa chotulutsa homoni imeneyi chimaimitsa msambo, chimatulutsa mkaka mwa mayi wosayamwitsa ndipo chimafoola mwamuna kuchipinda, koma chimafota ndi mapilitsi a cabergoline, omwedwa kamodzi kapena kawiri pa mlungu, kapena a bromocriptine, omwedwa tsiku lililonse, ngakhale chitakhala chachikulu. Meningioma yaing'ono kapena schwannoma yaing'ono mwa munthu wachikulire itha kungoyang'aniridwa, poti zambiri sizikula kwa zaka, koma kuyang'anira kumatanthauza kujambulitsa MRI mobwereza, ndipo banja lidzifunse moona ngati lidzakwanitse maulendo amenewo. M'dziko ngati lathu, momwe TB ndi yofala, chotupa cha TB mu ubongo chimathanso kuoneka ngati meningioma pa chithunzi, pamene mankhwala ake ndi mapilitsi.

Pali ndiponso kuwotcha ndi cheza cholunjika. Makina a Gamma Knife, omwe Lars Leksell anayamba kugwiritsa ntchito ku Stockholm mu 1968, amaloza timizere ta cheza pafupifupi 200 kuchokera mbali zosiyanasiyana kuti tikakumane pa chotupa. Sachotsa chotupacho, amangochiletsa kukula, ndipo zotsatira zake zimaoneka pakapita miyezi kapena zaka. Amayenera zotupa zosapitirira masentimita atatu ndi zidutswa zotsala pambuyo pa opaleshoni, koma sathandiza munthu amene maso akuzima chifukwa chopanikizidwa, komanso mitsempha ya maso siipirira cheza chambiri. Chithandizochi chimafuna ulendo wa kunja, monga ku South Africa kapena ku India. Chordoma, yomwe imakonda kubwerera, pafupifupi nthawi zonse imafuna cheza champhamvu pambuyo pa opaleshoni, ndipo izi ziyenera kukonzedweratu mpeni usanagwire ntchito.

M'Malawi muno madokotala a ubongo ndi owerengeka, ndipo amapezeka ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital pomwe palinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ndi ku Blantyre pa Queen Elizabeth Central Hospital, pomwe makina oyamba a MRI m'dziko muno anaikidwa mu 2008. Odwala ena amatumizidwa kunja kudzera ku Unduna wa Zaumoyo. Zili choncho, njira imene buku limati ndi yabwino koposa imagonja kwa njira imene manja a dokotala amene ali patsogolo panu anaizolowera, bola ikhale yosalumpha mitsempha. Sichipongwe kufunsa kuti, "Adokotala, njira imeneyi mumaichita kangati pa chaka, ndipo mwaisankha chifukwa chiyani kusiya inayo?" Funsaninso chimene wodwala adzataye mosakayikitsa, chimene angataye mwangozi, ngati cholinga n'kuchotsa chonse kapena kumasula mitsempha chabe, ndiponso amene mudzamuimbire foni madzi akayamba kudontha muli kumudzi. Amene amasayina fomu yovomereza opaleshoni ndi wodwala mwini, choncho ngakhale eni mbumba atakhala nawo pa zokambirana, mafunso a wodwalayo ndiwo ayambe kuyankhidwa. Chimbale cha zithunzi za MRI ndi pepala la zotsatira za chotupa chimene anakayeza zisungidwe pamodzi ndi buku la kuchipatala, chifukwa dokotala wina aliyense wa mtsogolo adzayambira pamenepo.

Alamu anga anawachotsa chotupacho kudzera m'mphuno. Diso la kumanzere linatseguka lonse, la kumanja linatsala ndi kamdima pang'ono cham'mbali poti mtsempha wake unapanikizika nthawi yaitali, ndipo kachidutswa kamene kanamatirira pa carotid anakasiya dala. Atsibweni aja atabwera kudzazonda anayang'anitsitsa m'mutu kufuna bala osalipeza, mpaka alamu anawauza kuti kachipsera kali pamimba, pamene anatengapo mafuta otsekera bowo. Mapilitsi a hydrocortisone amawasunga m'kachitini pamwamba pa kabati, ena m'chikwama choyendera, ndipo MRI yotsatira tinapempha kuti igwe msika wa fodya utatsegulidwa, ndalama yoyendera ikapezeka.